ZIPEWA ZA ASILIKARI A KU AUSTRALIA NDI ZA KEYALA

Ku maiko a kutali kuli anthu amene akonda kusonkhanitsa zipewa zakale za asilikari, monga ena asonkhanitsira masitampa, ndipo alipira ndalama zambiri pa cipewa cimodzi codyedwa ndi njenjete. Cina cimene acifunitsa ndico ca asilikari a ku Australia, cipewa ca khonde copindidwa mbali imodzi, cimene eni ace acicha slouch hat. Owerenga anzanga a ku Glen View ndi makomboni ena a Harare, nkhani iyi si ya kutali ai, pakuti zipewa za maonekedwe omwewo ziri m'masutikesi a makolo athu, ndipo tsiku limene wogula adzafika pakhomo nkwabwino atipeze tikudziwa cimene tiri naco.

Cipewa cimeneci cinayamba m'caka ca 1885, pamene Colonel Tom Price anacisankhira asilikari ace a pa akavalo ochedwa Victorian Mounted Rifles, ndipo m'caka ca 1903 cinakhala ca gulu lonse la nkhondo la Australia. Acipanga ndi ubweya wa akalulu wotsenderedwa, ndipo kampani yodziwika pa nchito iyi ndiyo Akubra. Khonde acipinda ku manzere kuti mfuti isagunde cipewa poiika pa phewa. Pa mpindo pamenepo pakhala baji ya mkuwa ya dzuwa lotuluka, ndipo asilikari a pa akavalo anali kutsomekapo nthenga za emu, mbalame yonga nthiwatiwa.

Dziko lino linaziona zipewa izi kale ndithu. M'caka ca 1900, pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi, asilikari a ku Australia ochedwa Bushmen anatsika m'zombo pa Beira, nakwera sitima ya pamtunda kudzera ku Mutare kufikira ku Marondera, kumene kunali msasa wa General Carrington. Malungo anawasautsa kwambiri m'madambo a kumunsi, akavalo ambiri anafa pa njira, ndipo ena mwa anyamatawo agona m'manda a Paradise ku Marondera komweko, mamailosi ngati 45 kucokera ku Harare. Otsala anapitirira ku Bulawayo. Anadzanso asilikari a dziko lomwelo ngati 150 kumapeto kwa 1979, kudzayang'anira kuleka kwa nkhondo kufikira masankho a 1980.

Koma zipewa zimene ziri m'nyumba zathu, zambiri si za Australia. Asilikari a Keyala, ndiwo King's African Rifles a ku Zomba, poyamba anali kubvala cisoti cakuda pa perete, koma pa nkhondo yaciwiri anapatsidwa cipewa ca khonde, ndipo ndico anapita naco ku Burma, kumene anamenyana ndi Ajapani m'cigwa ca Kabaw m'caka ca 1944. Kuno nako gulu la Rhodesian African Rifles, loyambidwa mu 1940, linabvala cipewa cotere. Linamenya nkhondo ku Burma mu 1945, ndipo linatha mu 1981. Amuna ambiri a kwathu atacoka ku usilikari anadza kudzafuna nchito ku migodi ndi ku mapulazi, cipewa ciri m'katundu. Amene anaonerapo gule wa Beni pa komboni ya mgodi adziwa kuti zobvala za cisilikari sizinatithere m'mitima.

Tsono pali msampha umodzi umene ine, kalaliki wa pa mgodi amene tsiku lonse ndiyang'ana malembo ndi manambala, ndifuna muudziwe. Malembo atatu a RAR aimira magulu awiri: Rhodesian African Rifles ndi Royal Australian Regiment. Ndipo magulu onse awiri anali ku Malaya nthawi imodzi, pakuti a kuno anakhala kumeneko kuyambira 1956 kufikira 1958. Cotero munthu angathe kuona RAR pa kalata ya agogo ace naganiza kuti cipewa nca Australia, kapena wogula wocenjera angathe kumuuza kuti ncabodza cifukwa ciribe dzuwa lotuluka. Yang'anani baji. Ya kuno iri ndi cishango ca Amandebele, mikondo iwiri yopingasa ndi cibonga. Ya Keyala iri ndi lipenga. Pindani cikopa ca m'kati: ca Australia kawirikawiri cikhala ndi dzina la wopanga, caka, ndi malembo awiri a D okhala ndi mubvi pakati, ndico cizindikiro ca katundu wa boma lao.

Mwezi wathawu, ndiri pa chuti kwathu ku Glen View, ndinamva za mnyamata wina wa m'laini mwathu amene anazula baji pa cipewa ca malemu agogo ace naigulitsa payokha pa mtengo wa thumba la ufa, cipewa nacipatsa mbale wace wopala matabwa ku Area 8 kuti azidzichinjiriza naco dzuwa. Sindimdzudzula kwambiri, pakuti njala iribe manyazi. Koma anataya kawiri. Osonkhanitsa afuna cinthu cathunthu: cipewa, baji yace, nsaru yozinga, lamba wa pa cibwano, ndiponso koposa zonse dzina la mwini wace. Ku Canberra, m'nyumba ya cikumbutso ya Australian War Memorial yotsegulidwa mu 1941, cipewa acisunga pamodzi ndi mbiri ya amene anacibvala, nambala yace ndi kumene anamenya nkhondo. Ncifukwa cace zao zikwera mtengo. Zathu ticita ngati ziribe mwini, ngakhale maina a asilikari athu a nkhondo yoyamba analembedwa pa nsanja ya Keyala ku Zomba.

Pa mgodi munthu wopanda nambala m'buku salandira malipiro, ngakhale anagwira nchito mwezi wathunthu pansi pa nthaka. Comweco ndikupemphani, abale, ngati agogo akazi kapena amalume akali moyo, khalani nao pansi Lamulungu likudzali, muwafunse dzina lonse la msilikariyo, mudzi wace ndi mfumu yace, gulu lace, nambala ngati aikumbukira, ndi caka cimene anabwera. Lembani zonse pa pepala, muliike m'kati mwa cipewa pamodzi ndi mamendulo ndi kalata yomasulidwa nayo ku usilikari.

Musacicape ndi madzi, pakuti ubweya ufota. Cotsani pfumbi ndi burashi yofewa. Baji musaipukute kuti iwale, popeza ogula akonda mkuwa wakuda monga unakalambira. Cisungeni pouma, m'bokosi losatsendereza khonde, ndi mankhwala a njenjete. Wogula akadza musabvomere mtengo tsiku lomwelo. Jambulani cithunzi, mufunse kwa anthu awiri kapena atatu. Ndipo banja limene silifuna kugulitsa koma liribe posunga pabwino lingathe kufunsa ku nyumba yosungira zakale za nkhondo, Zimbabwe Military Museum, ku Gweru.