Mtengo wa Galimoto Zoyenda M'misewu Yovuta

Kwa zaka zambiri, munthu wofuna galimoto yolimbana ndi matope, mchenga ndi zitunda ankayamba wafunsa za kukula kwa injini. Injini ya petulo ya masilinda 8, yotchedwa V8, ndiyo inkalemekezedwa koposa. Tsono kunabwera mtundu wina wotchedwa hybrid, momwe injini yaing'ono ya petulo imathandizana ndi mota yamagetsi yotenga mphamvu ku batire. Galimoto ikamatsika mtunda kapena ikamagwira mabuleki, motayo imabwezera magetsi m'batire muja.

Mitengo ya ku America ikuonetsa bwino kusiyana kwake. M'chaka cha 2021 kampani ya Jeep inatulutsa mitundu iŵiri ya Wrangler. Wina, Rubicon 392, unali ndi V8 ya malita 6.4 ndipo unkagulitsidwa pafupifupi madola 75,000. Unzake, 4xe, wa masilinda 4 okha ndi batire yotchajidwa kunyumba, unkayambira pafupifupi madola 48,000. Chinanso, boma la dzikolo linkachotsera ogula 4xe msonkho wofika madola 7,500, pofuna kuchepetsa utsi woipitsa mpweya.

Kusiyanaku sikuthera pa tsiku logula. Pa lita imodzi ya petulo, V8 ija imayenda makilomita 6 okha, pamene 4xe imapitirira makilomita 8. Ndiponso batire yake ikadzaza, imayenda makilomita oposa 30 osamwa ngakhale dontho.

Nayonso kampani ya Toyota inatsata njira yomweyo. Land Cruiser ya V8 imene inkagulitsidwa ku America mu 2021 inkaposa madola 85,000. Imene inabwera mu 2024, ya hybrid ya malita 2.4, inayambira pafupifupi madola 56,000, ngakhale kuti thupi lake ndi locheperapo.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Batire ndi yolemera, ndipo ikafa, kugula ina kumadya ndalama zambiri. Mu 2023 ndi 2024, Jeep inaitanitsa galimoto zambiri za 4xe kuti zikakonzedwe chifukwa mabatire ena ankagwira moto. Injini yakale ikavuta, makaniko wodziŵa ntchito yake amaitsegula ndi sipanala. Hybrid imafuna kompyuta ndi munthu wophunzira za magetsi amphamvu.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malaŵi, kumene Land Cruiser imanyamula odwala ndi mankhwala m'misewu ya kumidzi nthaŵi ya dzinja, ndipo mafuta amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Lita iliyonse yopulumutsidwa ndi phindu. Komabe galimoto yofera kutchire, kutali ndi wodziŵa kuikonza, siipindulira munthu. Choncho wogula wanzeru amaŵerengera zinthu zitatu pamodzi: ndalama zogulira, mafuta a zaka zonse zimene galimotoyo idzayende, ndi mtunda wokafika kwa makaniko amene angaidzutse ikagwa.