Adampitikitsa m'chipani, mavoti adamtsatira

Inu a pamsika, lero ndikuuzeni za Aksel Larsen wa ku Denmark. Mkuluyu adatsogolera chipani cha Komyunizimu kuyambira 1932, mpaka adakazunzika kundende ya Sachsenhausen nthawi ya Hitler. Koma asilikali a Soviet Union atapondereza dziko la Hungary mu 1956, iye adatopa n'kumangovomera zilizonse za ku Moscow. Anzake adampitikitsa mu 1958.

Basi kwatha? Ayi ndithu! Mu 1959 adayambitsa chipani chake, SF. Pachisankho cha 1960 chidapata mipando 11, chakale chija n'kutuluka chimanjamanja.

Chondizunguza mutu ine n'chakuti atamwalira mu 1972, zidadzaululika kuti bamboyu ankatsina khutu CIA ya ku America. Andale, abale!