ANA AZIFUFUZA OKHA PA PHUNZIRO LA ZAMOYO

Mu January 2024 masukulu onse m'dziko muno anacedwa kutsegulidwa cifukwa ca matenda a kolera amene anabuka mu Lusaka mu October 2023. Odwala anacuruka kotero kuti Boma linasandutsa bwalo la National Heroes Stadium kukhala cipatala, monga linacitiranso mu 2018. Komatu caka ndi caka ana a sekondale a ku Kabwata, Chelstone ndi Woodlands amalemba m'makope mwao za tizirombo toyambitsa matendawa. Kodi zolembazo zimafika pa citsime ndi pa ndowa ya kunyumba?

Akatswiri a maphunziro amati phunziro la zamoyo, la biology, silikhazikika mwa kuloweza cabe. Mwana amalowa m'kalasi ali kale ndi maganizo ake, ena oona, ena olakwika. Nchito ya mphunzitsi ndiyo kuponya funso ndi kumlola mwanayo kuyesa mpaka aone yekha.

Citsanzo ndi ici. Mphunzitsi adula zidutswa ziwiri zofanana za mbatata, cina aika m'madzi wamba, cina m'madzi a mcere wambiri. Ana ayamba anena cimene ayembekezera, natsutsana. Pakapita maola ocepa cidutswa ca mu mcere cafota ndi kufewa, pakuti madzi atsata mcere. Pamenepo mwana amva msanga cifukwa cake wodwala kolera, amene matumbo ake ataya mcere pamodzi ndi madzi, amalowa maso ndi kulefuka, ndiponso cifukwa cake ampatsa madzi a mcere ndi shuga.

Njirayi si yacilendo m'Zambia. Bungwe la JETS lakhala likulimbikitsa ana kucita kafukufuku wao kuyambira mu 1968. Mu 2005, ndi thandizo la dziko la Japan, aphunzitsi a cigawo ca Pakati anayamba kukonzera pamodzi phunziro, kulipenyerera ndi kulikonzanso, ndipo mwambowu unafalikira ku zigawo zina. Ku Kabulonga kuli National Science Centre imene imasula aphunzitsi a sayansi.

Zobvuta zilipo. Ciyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, ndipo mantha a mayeso amakakamiza aphunzitsi kungolembetsa. Koma mbatata, mcere ndi kapu zimapezeka pa msika uliwonse. Makolo nawonso asamatopa ndi mafunso a ana ao, pakuti safunsa anadya phula.