Mlangizi wa Zaumoyo ku Karonga

Dziko la Karonga lili kumpoto, pakati pa nyanja ndi mapiri, ndipo mtsinje wa Songwe ndiwo malire ake ndi Tanzania. Ndilo dziko la mpunga, nthochi ndi ng'ombe. Koma pa dzinja mitsinje ya Lufilya ndi Rukuru isefukira, nigumula zimbudzi, ndipo zonyansa zilowa m'zitsime. Pamenepo kolera apeza njira.

Woyamba kumva za nthendayi kawirikawiri si dotolo ayi, koma mlangizi wa zaumoyo, amene akhala pakati pa anthu m'midzi. Oyamba a ntchito imeneyi anali otemera nthomba. Kolera atafika m'Malawi m'chaka cha 1973, boma linaika anthu otere kuti alimbane naye, ndipo pambuyo pake linawapatsanso sikelo ya ana ndi katemera.

Mlangizi akamva kuti wina atsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga, afulumira pa njinga yake. Kolera apha pakutha madzi m'thupi, kotero kuti munthu wolima m'mawa akhoza kufa usiku womwewo. Chifukwa chake mlangizi asungunula paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, namwetsa wodwalayo pang'onopang'ono, natumiza mawu kuchipatala. Atatero afunsa kumene banjalo litunga madzi, nagawira klorini nyumba zonse zomwera pomwepo. M'madoko a asodzi ntchito ikula koposa, pakuti asodzi agona pano lero, mawa apo.

Chowawitsa ndicho maliro. Womwalira ndi kolera sasambitsidwa ndi abale ake, ndipo nsima siphikidwa pasiwa. Ofedwa pakumva izi apsa mtima, ndipo ukali wao ugwera mlangizi, ngakhale lamulolo sanaliike ndiye.

M'chaka cha 2020, pa mliri wa Covid-19, azaumoyo ena anakanizidwa kukwera minibasi. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unafikanso ku Karonga, nupha anthu oposa 1,700 m'Malawi monse, kunabuka mphekesera yakuti azaumoyo ndiwo afalitsa nthendayo, ndipo ku Balaka anthu anaphwanya chipatala. Linali bodza, koma bodza lakupha. Pakuti wodwala wobisidwa m'nyumba chifukwa cha mantha otere afika kuchipatala madzi atamthera kale. Ndipo akafera kumeneko, anthu anenanso kuti achipatala ndiwo amupha.