Ulusi m'Konkire: Kodi Ungalimbitse Misewu ya ku Salima?

SALIMA. Yense woyenda pa msewu wa M5 kapena wopita ku Senga Bay m'dzinja adziwa mavuto ake. Dothi la makande limatupa likamwa madzi, nkung'aluka m'chilimwe. Tsono phula loyalidwa pamwamba pake silikhalitsa. Malole a nsomba, mpunga ndi thonje akachedwa, wotaya ndiye mlimi ndi msodzi.

Nchifukwa chake funso la konkire liyenera kulingaliridwa. Konkire ipirira katundu wolemera woipsinja, koma ikakokedwa mphamvu yake ingokhala ngati gawo limodzi mwa magawo 10. Pansi pakatitimira, iyo imathyoka.

Akatswiri apeza njira: posakaniza simenti, mchenga ndi miyala amathiramo tizidutswa ta waya wachitsulo kapena ulusi wa pulasitiki. Monga chingwe cha khonje chigwira bango la mphasa, ulusiwo ugwira mbali ziwiri za mng'alu kuti usakule, ndipo msewu usenzabe katundu ngakhale utang'aluka. Khonje weniweniyo sayenera, pakuti simenti imamudya pang'onopang'ono.

Koma awerengi athu asanyengedwe. Ulusi suletsa mng'alu woyamba, ndipo ukachuluka umapanga mibulu, konkire nkuvuta kuyala. Mtengo wakenso ngwokwera. Walira mvula walira matope.

Kotero pamene Boma, kudzera m'bungwe la Roads Authority, likonza misewu ya kunyanja, maziko olimba ndi ngalande zikhale patsogolo. Ulusi uthandize pamalo pokwirira malole olemera.