Pamene Sipika Yopanda Mawaya Ikana Kulankhula

Lero tikambirana za sipika yopanda mawaya, imene aphunzitsi ena amadzipangira okha kuti kalasi lonse limve phunziro locokera m'foni. Iwo amatenga bokosi naikamo sipika, batiri, cokweza mau ndi kacipangizo kochedwa Bluetooth. Koma tsiku lina belu litalira, ana onse atakhala cete, bokosilo limangoti duu, ndipo nthawi ya phunziro imapita pacabe. Kodi ticite ciani pamenepo?

Coyamba tidziwe kuti Bluetooth ndi wailesi yaing'ono. Nchito yoipanga inayambika m'caka ca 1994 ku Sweden, pa kampani ya Ericsson, ndipo dzina lake linacokera kwa Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya zaka zoposa 1,000 zapitazo. Wailesi ya m'nyumba imalandira mau popanda kufunsa. Bluetooth sitero: foni ndi sipika ziyenera kuyamba zadziwana, monga mlendo amayamba wati "Odi!" asanalowe m'nyumba.

Zikakana kudziwana, onani kanyali ka pa kacipangizo. Pa tizipangizo tambiri, kanyali kakamathwanima mofulumira ndiye kuti sipika ikufuna mnzake. Kakayaka mosathwanima ndiye kuti yampeza kale. Kawirikawiri mnzakeyo amakhala foni ya mphunzitsi wina imene inagwira nchito dzulo, pakuti sipika imathamangira foni imene inalankhula nayo komaliza. Pemphani mwini foniyo azime Bluetooth yake. Zikakanikabe, fafanizani dzina la sipika m'foni yanu, zimani zonse ziwiri, muyatsenso, ndipo muziike pafupi pamene zikufunana. Foni ikafunsa nambala, yesani 0000 kapena 1234.

Vuto laciwiri ndi la mtunda. Tizipangizo tambiri totere timafika mamita 10 pamalo popanda cochinga. Ngati mau aduka mutangoyenda mapazi atatu, musafulumire kunena kuti kacipangizo kafa. Yang'anani kumapeto kwake: mudzaona kamzere ka mkuwa kokhotakhota. Imeneyo ndiyo eriyo, khutu la sipika. Citsulo cimabweza mafunde a wailesi, cotero eriyo yotsekeredwa m'bokosi la malata ili ngati munthu wobvundikiridwa mphika kumutu. Bokosi likhale la matabwa kapena la pulasitiki, ndipo eriyo italikirane ndi batiri, mawaya ndi citsulo ca kumbuyo kwa sipika.

Madzi naonso amameza mafunde amenewa, ndipo thupi la munthu ndi madzi koposa theka. Ndico cifukwa cake sipika imene inamveka bwino m'kalasi lopanda anthu imayamba kudukiza ana akadzaza. Ikani bokosi pamwamba, loposa mitu ya ana, ndipo foni isakhale m'thumba. Bluetooth imagwiritsanso nchito mafunde a 2.4 GHz, amodzimodzi ndi a Wi-Fi. Pofuna kupewa kugundana, imadumphadumpha pakati pa tinjira 79, nthawi zofika 1,600 pa sekondi imodzi. Komabe ndi bwino kuika sipika kutali ndi makina a Wi-Fi.

Vuto lacitatu limabisala. Ngati mau aduka pokhapokha mukakweza, ngakhale foni ili pafupi, mlandu uli ndi batiri. Cokweza mau cimakoka mphamvu yambiri, kacipangizo kamasowa yake, kamazima ndi kuyambanso. Cajani batiri, ndipo muone ngati mawaya ake agwira zolimba. Nchito yotsegula bokosi ndi ya aphunzitsi okha. Ana asaboole kapena kutentha batiri, pakuti ikhoza kuyaka.

Tsopano, aphunzitsi, citani izi pamodzi ndi ana. Ikani sipika pabwalo, mwana mmodzi ayende ndi foni, anzake awerenge mapazi kufikira mau ataduka. Lembani nambalayo pa bolodi. Bwerezani ana khumi ataima mothithikana pakati. Potsiriza ikani foni m'poto wacitsulo, mubvundikire, ndipo muyendenso. Ana ayerekeze manambala atatuwo ndi kufotokoza m'mabuku mwao cimene cawasiyanitsa.

Kumbukirani lamulo limodzi: sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, muyese, kenaka mupite pa cina. Mukasintha batiri, bokosi ndi foni nthawi yomweyo, sipika ikhoza kulankhula, koma simudzadziwa cimene cinali colakwa, ndipo mawa mudzabvutikanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsalani bwino, tidzakumananso pa phunziro lotsatira.