Rediyeta ikayamba kudontha: kumata, kuwotcherera kapena kugula ina?

Amayi, mukakwera minibasi m'nyengo yotentha ya Okutobala, kawirikawiri mumaona chigubu cha madzi pafupi ndi dalaivala. Nthawi zambiri madziwo si akumwa, ndi othira mu rediyeta yodontha. Galimoto yotere imayenda bwino pamalo athyathyathya, koma ikafika pa chitunda ngati cha ku Thabwa pochokera ku Chikwawa, kapena cha ku Chiweta, imawira n'kuima. Ngati mwanyamula wodwala kapena mayi amene matenda ayamba, kuima kumeneko kungatayitse moyo. Choncho kaya galimoto ndi ya pakhomo panu, ya gulu lanu kapena ya hayala, nkhaniyi ikukukhudzani.

Ntchito ya rediyeta ndi kuziziritsa injini. Madzi amazungulira mu injini n'kutenga kutentha, kenako amadutsa m'timapaipi ting'onoting'ono ta rediyeta momwe mphepo imawaziziritsa. Madziwo akachepa, injini imatenthetsa, gasiketi imapsa, ndipo nthawi zina mutu wa injini umapindika. Apo ndalama zokonzera zimaposa kutalitali mtengo wa rediyeta yatsopano.

Zizindikiro zake simufunika kukhala makaniko kuti muzione. M'mawa suzumirani pansi pa galimoto, chakutsogolo: kodi pali madontho obiriwira kapena ofiirira? Kodi dalaivala akuthira madzi tsiku ndi tsiku? Kodi muvi wa geji ya kutentha ukukwera kulowera kofiira? Mukaona zimenezi, pitani nayo ku galaja. Uzani makaniko ayambe wapeza pomwe pakudontha, chifukwa mwina vuto ndi paipi ya labala yong'ambika kapena chotsekera chotha, zinthu zosadula kwenikweni.

Ngati vuto ndi rediyetayo, funsani kuti ndi yamtundu wanji. Zakale, zamkuwa, zimatheka kuwotcherera n'kugwiranso ntchito nthawi yaitali. Koma galimoto zambiri za masiku ano zili ndi rediyeta ya aluminiyamu yokhala ndi matanki apulasitiki. Pulasitiki ikakalamba imauma n'kumang'aluka. Mukamata apa, mawa ing'aluka pena. Yotereyi, komanso yomwe yadyeka ndi dzimbiri kapena ikudontha malo angapo, ndi bwino kungoisintha. Mukagula yogwirapo kale ntchito, aiyese kaye musanalipire.

Nanga dzira, sopo kapena tsabola wosinja zomwe ena amagwiritsa ntchito pamsewu? Mwina zingakufikitseni ku galaja, koma si kukonza. Zothira mkatizo zimatsekanso timapaipi tabwinobwino. Madzi a pamjigo nawonso amasiya zoyerayera ngati zimene zimakhala m'ketulo. Rediyeta imafuna mankhwala ake otchedwa coolant, amene amateteza ku dzimbiri.

Tsono nali chenjezo lalikulu: musalole munthu kutsekula chotsekera cha rediyeta injini ikadali yotentha. Madzi a mkatimo amakhala opanikizika, ndipo amatha kutentha kupitirira madigiri 100 koma osawira. Mukangotsekula, amathovoka pamodzi ndi nthunzi n'kuwotcha nkhope ndi manja. M'maminibasi ambiri injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, ndiye kondakitala akafuna kutukula mpandowo, tsikani ndi ana anu muime patali. Azimitse injini, adikire mpaka izizire. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pamalo opsawo kwa mphindi 20. Chotsani mphete ndi zibangili pasanatupe. Musapake dzira, mafuta, mchere kapena mankhwala otsukira mano, ndipo musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kuthamangira naye kuchipatala.

Samalaninso ndi coolant pakhomo. Yambiri imakhala ndi ethylene glycol, poizoni wotsekemera amene amawononga impso. Mtundu wake wowala umakopa ana chifukwa umafanana ndi wa zakumwa. Musaisunge m'botolo la zakumwa, ndipo ikatayikira pansi kwirirani ndi mchenga n'kuwola. Mwana akamwa, ngakhale pang'ono, musadikire kuti ayambe kudwala. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, botololo lili m'manja.

Gulu lanu likamakambirana mtengo wa hayala ya ulendo wotsatira, funsaninso mwini galimoto ngati rediyeta yake ili bwino. Akayankha kuti "tizingothira madzi panjira", funani galimoto ina.